Musanagule ma switch, yang'anani kaye bolodi

Ngati mukumanga kiyibodi yanuyanu ndi ndalama zochepa, sankhani bolodi (chimbale cha zamagetsi cha mkati mwa kiyibodi) la hot-swap, lomwe ma switch (tizipangizo tokhala pansi pa batani lililonse) mumangowalowetsa m'masoketi, kuti musavutike ndi kuwotcherera. Koma samalani, mabolodi ambiri otchipa amakhala ndi masoketi a kampani ya Outemu, a timabowo tating'ono, moti ma switch a Gateron kapena Cherry MX salowamo bwino. Funsani wogulitsa musanalipire.

Switch ya mapini 5 ikakana kulowa pa bolodi la mapini 3, dulani timiyendo tiwiri tapulasitiki ndi chowengera zikhadabo. Tachitsulo musatikhudze ayi. Polowetsa, tsamiritsani chala kuseri kwa bolodi, apo ayi soketi imazuka.

Mafuta a Krytox 205g0 muyambe kupaka pa ma stabiliser a space bar (tizipangizo togwira batani lalitalilo kuti lisapendekeke), chifukwa phokoso losokosera polemba limachokera kumeneko. Pang'ono pokha, mukachulutsa batani limabwerera mwaulesi.