Kukaona mbalame za m'madzi mu Ogasiti

Abale a kuno ku Joni, Ogasiti ndi mwezi wabwino wokaona mbalame ku Emmarentia Dam kapena ku Zoo Lake. Lawirirani m'mamawa mphepo isanayambe, ndipo valani jekete yokhuthala poti chisanu chake chimaluma zala.

Imani dzuwa lili kumsana, apo ayi mungoona zithunzithunzi zakuda. Atsekwe ndi akakowa savuta kuwaona. Koma mudekhe pafupi ndi bango, muyang'anitsitse kambalame kakuda ka chipumi choyera kotchedwa red-knobbed coot: nthawi yoswana timatuza tiwiri tofiira timatupa pamutu pake, ndipo chisa kamamanga pamadzi penipeni.

Chonde musaziponyere buledi, amaipitsa madzi. Agalu akhale pachingwe.