Nthawi inkatayika posintha chikombole

Makina athu oumba zinthu zapulasitiki ankaima nthawi yaitali tikamasintha chikombole. Abwana ankati anyamata ndi aulesi. Ine mtima sunavomere, choncho tsiku lina ndinangoima pambali ndi wotchi ndi kope, n'kumalemba chilichonse chochitika makina atazimitsidwa.

Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi. Uyu akusakasaka sipanala, uyo wapita kukatenga chikombole kosungira katundu, kenako tonse manja lende kudikira kuti chitenthe. Ntchito yeniyeni yomasula ndi kumanga mabawuti inali yochepa chabe.

Ndinabwereka nzeru kwa Shigeo Shingo, injiniya wa ku Japan amene ankathandiza kampani ya Toyota. Njira yake yosinthira chikombole mwachangu, yotchedwa SMED, imagawa ntchito pawiri: zofuna kuti makina aime kaye, ndi zotheka makina akuyenda. Cholinga n'chakuti kusintha kusafike mphindi 10.

Panopa chikombole chotsatira chimafika pa ngolo chili chotentha kale, zida zili pambali pake, makina asanazime. Mabawuti osiyanasiyana aja tinachotsa n'kuika ofanana, moti sipanala imodzi ikukwanira. Pa mphindi 10 sitinafikebe, koma poti kusintha sikukudyanso nthawi yambiri, maoda ang'onoang'ono tinasiya kuwakana.