Momwe mungapatire hotela yapamwamba pa okushoni ya pa intaneti muli konkuno ku Salima

Ife a ku Senga Bay timaona alendo akulowa ku Sunbird Livingstonia, ena akukwera boti la ku Blue Zebra pa chilumba cha Nankoma, n'kumati kugona malo otere n'kwa eni ndalama okha. Koma hotela iliyonse, kaya ndi ya ku Cape Town, Zanzibar kapena Mauritius, imakhala ndi miyezi yomwe zipinda zimagona zopanda anthu. Zina mwa zipinda zimenezi zimagulitsidwa pa okushoni ya pa intaneti, ndipo wotchula mtengo wokwera nthawi isanathe ndiye amatenga. Amene munapikisanapo pogula usipa boti likangokocheza pa doko, nzeru yake ndi yomweyo, kungoti kuno mukupikisana ndi anthu osawaona, ndipo ndalama yake ndi dola.

Yambani ndi kutsegula akaunti pa webusaiti ya okushoni, mwachitsanzo ya ku America. Zolemba dzina ndi imelo sindichedwa nazo, mukuzidziwa. Chomwe ndikupempha n'choti dzina likhale lofanana ndendende ndi la pa pasipoti, chifukwa ndi lomwe lidzalembedwe pa chikalata chokagonera. Dziwaninso kuti zambiri zomwe zimaikidwa pa mawebusaiti otere ndi za mayiko akutali. Ine ndimadikira za kuno kwathu kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, poti ku South Africa ndi ku Tanzania Mmalawi amalowa popanda viza akamapita kukacheza masiku ochepa, ndipo ndege ya ku Johannesburg kapena Dar es Salaam mumaikwera pa Kamuzu International Airport, ulendo wa maola awiri osakwana pa galimoto kuchokera pa Kamuzu Road kuno ku Salima.

Mukapeza yokukomerani, musathamangire kutchula mtengo. Tsikirani pansi pa tsamba, pa timalemba tating'ono. Pamenepo ndi pomwe amanena ngati mtengowo ndi wa usiku umodzi kapena wa masiku onse, wa munthu m'modzi kapena wa chipinda, komanso msonkho ndi ndalama ya webusaiti zomwe adzawonjezere mukapambana. Tinene kuti mwapambana pa madola 40 usiku umodzi, zowonjezera n'kukhala madola 30. Ndiye kuti mukulipira 70, osati 40. Onaninso masiku oletsedwa. Khirisimasi, chaka chatsopano ndi Pasaka nthawi zambiri sizikhalamo. Kenako tsegulani Booking.com, webusaiti yosungitsira malo ogona, muone mtengo weniweni wa hotela yomweyo pa masiku omwewo. Mtengo waukulu womwe amauwonetsa pa okushoni kuti ndiwo wa nthawi zonse umakhala wokometsera malonda.

Tsopano nkhani ya khadi, yomwe ndi mutu wa zonse kwa ife Amalawi. Kupambana ndi pangano. Mukapambana amafuna ndalama yawo m'nthawi yochepa, ndipo ena amangoichotsa okha pa khadi lomwe munalembetsa. Ine ndinapambana chipinda choyang'ana kunyanja pa webusaiti ina, ndalama m'akaunti zilimo zokwanira, koma khadi la Visa linakana. Kuyesanso, linakananso. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku banki pa Salima boma, ndipo mayi wa pa kauntala anatembenuza kompyuta yake n'kundionetsa: malire a ndalama zakunja zomwe khadi langa limaloledwa kulipira pa mwezi anali atawatsitsa, ndipo mtengo wa hotelayo unali utapitirira. Anati, "Bambo, ndalama muli nazo, koma ndi makwacha. Madola ndiye mulembe kalata yopempha, mudikire." Pomwe yankho limabwera n'kuti nthawi yolipira itadutsa, chipinda chitabwerera pa okushoni, akaunti yanga ataitseka.

Choncho pitani ku banki musanatchule mtengo uliwonse. Funsani zinthu izi maso ndi maso, osati pa foni: kodi khadili ndi lotsegulidwa kulipira pa intaneti kunja kwa dziko? Malire ake ndi madola angati pa tsiku, angati pa mwezi? Asintha liti komaliza? Chiyambireni kusowa kwa ndalama zakunja malire amenewa sakhazikika, zomwe anakuuzani mwezi watha zikhoza kukhala zitasintha. Funsaninso nambala ya foni yomwe amatumizako nambala yachinsinsi yotsimikizira malipiro, chifukwa ambiri tinasintha simu koma ku banki kudakali yakale. Ndipo siyani ndalama yapadera pamwamba pa mtengo. Banki imasintha dola pa mtengo wake n'kuikapo kake, ndiponso tonse tikukumbuka November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku Ulaya, kulembetsa khadi lake ndiye chidule, bola mugwirizane bwinobwino za kabwezedwe musanayambe.

Apa ndichenjeze za anyamata ena a pa WhatsApp ndi Facebook omwe amati ali ndi zikalata zogonera ku maloji a ku Nkhotakota pa theka la mtengo, mungotumiza kaye pa Airtel Money kapena Mpamba. Musatumize kanthu musanaimbire loji yomweyo pa nambala ya pa webusaiti yake. Ndiponso mukaimba, funsani mtengo wa anthu okhala m'dziko muno. Maloji ambiri kwathu kuno ali nawo, ndipo nthawi ya dzinja umatsikanso. Mwina mupeza kuti kukaona njovu ku Nkhotakota Wildlife Reserve n'kotchipa kuposa ulendo wakunja womwe mumaulimbira.

Pa kupikisana penipenipo, lembani papepala mtengo womwe simudutsa, tikiti ya ndege mutaiwerengera kale, chifukwa siikhalamo pokhapokha atanena. Mawebusaiti ambiri amalola kuika mtengo wanu womaliza, makina n'kumakukwezerani pang'onopang'ono. Gwiritsani ntchito zimenezo. New York ili m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo, ndiye okushoni yotseka madzulo kumeneko imatseka kuno pakati pa usiku, mwina magetsi atazima. Tchajani foni, gulani bandulo yokwanira, ndipo wina akakudutsani musiyeni, ina ibwera.

Mukapambana n'kulipira, tumizani masiku omwe mukufuna, mudikire hotela itsimikize. Tikiti ya ndege gulani pambuyo pake, osati zisanatero. Sindikizani chikalatacho, onani ngati pasipoti idakali ndi miyezi 6, ndipo sabata imodzi musananyamuke lemberani hotelayo imelo kuti aonenso dzina lanu m'buku mwawo. Chakudya chamasana ndi galimoto yochokera ku bwalo la ndege funsani pa imelo yomweyo.