Achibale akubwera ku Britain: BritRail Pass kapena tikiti ya ulendo uliwonse payokha?

Nyengo ya July mabanja ambiri a Amalawi ku Britain amalandira alendo. Mwana wamaliza ku yunivesite, amayi apeza visa, anyamuka pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport, ndipo akafika sakhala nyumba imodzi. Ku Leicester kuli achemwali awo, ku Manchester kuli msuweni, ku Glasgow a mpingo amva kale kuti mayi afika. Maulendo onsewa ndi a sitima, ndipo wolipira ndi inu. Sitima za kuno ndi zodula kwa munthu wogula tikiti pa siteshoni tsiku loyenda, choncho ambiri akamva za chiphaso chokwerera sitima iliyonse amathamangira kugula. Ine ndikuti dikirani kaye, tengani pepala ndi cholembera.

Choyamba, chiphasochi si cha aliyense. BritRail Pass ndi ya alendo okhala kunja kwa Britain. Amayi ochokera ku Zomba angathe kuigula, koma inu amene mukukhala ndi kugwira ntchito kuno simuloledwa, ngakhale pasipoti yanu ikhale ya Malawi, chifukwa amayang'ana kumene munthu amakhala. Ilipo ya masiku otsatizana, ilipo ina yoti mumasankha masiku angapo mkati mwa mwezi. Tsiku lomwe mwaigwiritsa ntchito, mlendo amakwera sitima za National Rail mmene angafunire, m'mawa kapena madzulo. Siigwira ntchito pa sitima zapansi za London Underground, ngakhalenso pa Eurostar, sitima yochokera ku London kupita ku Paris.

Tsono ganizirani bwino: amayi a zaka 65 amene sanakwerepo sitima za kuno, kodi mudzawasiya asinthe okha sitima pa Birmingham New Street ndi sutikesi yawo? Ayi, mudzawaperekeza. Ndiye kuti iwo ali ndi chiphaso, inu mukugula tikiti padera, ndipo ngati yanuyo ndi yotchipa, yakumangani pa sitima imodzi ya nthawi yoikika. Ufulu wokwera nthawi iliyonse umene mwaulipira pa chiphasocho wathera pomwepo, poti amayi sangakwere musanakwere inu.

Kwa mabanja ambiri, ndalama zimapulumuka pa zinthu ziwiri: tikiti ya Advance, yogulira pasadakhale, ndi Railcard, khadi yochotsera mtengo wa matikiti.

Matikiti a Advance amayamba kugulitsidwa milungu ingapo tsiku lisanafike, nthawi zambiri mpaka milungu 12, ndipo otchipitsitsa amatha msanga. Tsiku la graduation mumalidziwa kale, la ukwati wa ku Nottingham mumalidziwanso, ndiye palibe chifukwa chodikira. Vuto lake ndi limodzi ndipo ndi lalikulu: tikitiyo ndi ya sitima imene yalembedwapo basi. Mukachedwa chifukwa alendo anali kutsanzikana pakhomo, ndipo tonse tikudziwa kuti kwathu kutsanzikana sikufupika, tikiti yapita, mugula ina pa mtengo wa tsikulo. Musayesere kukwera yotsatira mwakachetechete. Ku England chindapusa cha wopezeka alibe tikiti yoyenera chinakwera mu January 2023 kufika pa £100 kuphatikiza mtengo wa ulendowo, ngakhale chimatsika kufika pa £50 mukalipira masiku 21 asanathe. Koma ngati mwaphonya sitima yachiwiri chifukwa yoyamba, ya pa ulendo womwewo, inachedwa, mlandu si wanu. Uzani ogwira ntchito pa siteshoni akukwezeni yotsatira.

Pa tsiku lofika ndege, Advance ndi yoopsa. Ndege zochokera kwathu zimadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, mzere wa a immigration ku Heathrow sudziwika kutalika kwake, katundu nayenso amachedwa. Tsiku limenelo gulani tikiti ya Off-Peak, ya nthawi imene sitima sizidzaza, yosakumangani pa sitima imodzi, kapena siyani mpata wa maola angapo.

Railcard ndiye imene ambiri amaiwala. Mtengo wake unakwera mu March 2025 kuchoka pa £30 kufika pa £35 pa chaka, ndipo imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ngakhale ya Advance. Werengani nokha: matikiti anu akangopitirira £105 pa chaka, khadiyo yadzilipira. Mlendo nayenso amaloledwa kuigula. Ngati amayi kapena abambo akwanitsa zaka 60, Senior Railcard ndi yawo, pasipoti ndiyo umboni wa zaka. Ngati muyenda awiri nthawi zonse, Two Together Railcard imalembedwa maina ndi zithunzi za anthu awiri ndipo onse amachotseredwa, bola akwere limodzi, komanso pakati pa sabata kuyambira 9:30 m'mawa. Muli ndi ana? Family & Friends Railcard imatenga akuluakulu mpaka anayi ndi ana mpaka anayi, anawo n'kuchotseredwa 60 peresenti, koma pakhale mwana mmodzi wa zaka 5 mpaka 15 pa ulendowo. Wosakwana zaka 5 amakwera ulere. Khadiyo muziinyamula, kaya ya pa foni kaya ya m'chikwama, chifukwa woona matikiti akaifunsa osaipeza, tikiti yanu yochotseredwa imakhala yopanda ntchito.

Nanga chiphaso chija chimapindulitsa liti? Chimapindulitsa mlendo woyenda yekha, maulendo ataliatali, masiku ochepa, ndiponso amene mapulani ake amasinthasintha. Tiyerekeze m'busa wabwera kudzayendera mipingo: Loweruka ali ku London, Lolemba ku Edinburgh, ulendo wa maola anayi ndi theka kuchokera pa King's Cross, Lachiwiri akufuna kukaona Blantyre wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, Lachinayi amuitana mwadzidzidzi ku Cardiff. Munthu wotere akamagula tikiti dzulo lake, thumba liphwa, ndipo BritRail imamupulumutsa. Njira yodziwira ndi yophweka. Lembani maulendo onse ndi masiku ake, funsani mtengo wa uliwonse pa National Rail, phatikizani, kenaka yerekezani ndi mtengo wa chiphaso. Chinanso, musawononge tsiku la chiphaso pa kaulendo kakafupi. Kuchoka pa Glasgow Central kupita ku Blantyre ndi mphindi zochepa chabe, tikiti yake ndi yotchipa, makamaka poti ScotRail, kampani ya sitima za ku Scotland, inachotseratu mitengo yokwera ya m'mawa ndi madzulo kuyambira September 2025.

Amene alibe changu asanyoze basi. Basi ya National Express imachedwa kuposa sitima, koma kwa mlendo wonyamula masutikesi awiri odzaza ufa, usipa ndi kilombero, kukhala pampando umodzi osasintha mpaka kufika ndi mtendere.

Ena amafuna kuwolokanso nyanja, akaone Paris kapena Rome. Kumeneko ziphaso zilipo ziwiri zoyenda m'mayiko 33: Interrail ya anthu okhala ku Ulaya, kuphatikizapo inu wa ku Britain, ndi Eurail ya ochokera kunja monga mlendo wanu. Musanaganize n'komwe za sitima, yambani ndi visa. Visa ya Britain siikulowetsani ku France. Wa pasipoti ya Malawi amafunika visa ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo mlendo ayenera kuifunsira asananyamuke kumudzi. Musalipire chiphaso visa isanatuluke.

Ngakhale mutakhala nacho chiphasocho, sitima zothamanga zambiri zimafuna kuti mulipirenso mpando: Eurostar yochokera pa St Pancras, TGV ya ku France, Frecciarossa ya ku Italy, AVE ya ku Spain. Mipando yosungidwira a chiphaso pa Eurostar ndi yowerengeka, nthawi ya tchuthi imatha. Kwa ulendo wa London kupita ku Paris n'kubwerera, gulani tikiti wamba msanga, chiphaso sichikuthandizani kanthu. Chimayamba kukoma mukamadutsa mayiko atatu kapena anayi, makamaka Germany, Austria, Switzerland, Belgium ndi Netherlands, kumene sitima zambiri za m'dzikomo mumangokwera osasungitsa mpando. Dziwaninso kuti Interrail Global Pass imangokulolani ulendo umodzi wotuluka ndi umodzi wobwerera m'dziko lomwe mukukhala, ndiye simungaisandutse tikiti yoyendera Britain yense.

Mukabwerera kuno, sitima ikachedwa musataye tikiti. Makampani ambiri ali ndi Delay Repay, yobweza gawo la ndalama kuyambira pa kuchedwa kwa mphindi 15, ena mphindi 30, ndipo nthawi zambiri ikachedwa ola lathunthu amabweza mtengo wonse wa tikiti ya ulendo umodzi. Pempho limatumizidwa pa intaneti ku kampani ya sitima yomwe yachedwayo masiku 28 asanathe, choncho jambulani tikitiyo pa foni musanaiike m'makina a pachipata, chifukwa ena amaimeza.