Malebulo ndi Zikalata Zofunika Potumiza Zovala Kunja kwa Dziko

Telala wa ku Ulongué kapena ku Moatize, ku Mozambique, amene wapeza wogula kunja ayenera kudziwa zinthu ziwiri asanadule nsalu: ulusi umene uli m'nsaluyo, ndi dziko limene inalukidwa. Pemphani wogulitsa kuti alembe zimenezi pa fatura, chifukwa makapulana ambiri a m'misika yathu amachokera ku India ndi ku China, ndipo ena ooneka ngati thonje lokhalokha amakhala osakaniza ndi poliyesitala.

Lebulo isokedwe zolimba mkati mwa khosi kapena pamsoko wa m'mbali, ndipo zolembedwapo zisafufutike pochapa. Mayiko a European Union, potsatira lamulo nambala 1007 la chaka cha 2011, amafuna kuti mtundu uliwonse wa ulusi ulembedwe ndi maperesenti ake, kuyambira wochuluka, m'chilankhulo cha dziko limene chovalacho chikagulitsidwe. Motero Chipwitikizi chikwanira ku Portugal koma osati ku Germany. Ku United States lebulo ikhale m'Chingerezi, yosonyeza ulusi, dziko limene chovala chinapangidwa, dzina la wopanga kapena wogulitsa, ndiponso kachapidwe kake.

Musakopere malangizo a kachapidwe pachovala cha munthu wina. Tengani diresi imodzi, muichape, muiyanike, muisite, kenako muyezenso m'chiuno ndi m'litali, muonenso ngati madzi asintha mtundu. Zimene mwaona ndi maso anu ndizo mulembe. Wogula wa ku Ulaya angafunenso umboni wa ku labotale woti utoto ulibe mankhwala oletsedwa, choncho gwirizanani msanga za amene adzalipire.

Kumbali ya boma mufunika NUIT (nambala yanu ya msonkho), kulembetsa monga wotumiza katundu kunja, komanso despachante (munthu wovomerezeka woyendetsa zikalata za kasitomu) woti akulowetsereni zikalata mu Janela Única Electrónica, njira ya pa intaneti yoperekera zikalata za kasitomu.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa satifiketi yosonyeza kumene katundu wachokera, imene imachepetsa kapena kuchotsa msonkho. Pansi pa malamulo a SADC, kusoka kokha kawirikawiri sikukwanira: nsaluyo iyeneranso kukhala yolukidwa m'mayiko a SADC. Malaya osokedwa bwino ku Angónia ndi kapulana wa ku India akhoza kulipitsidwa msonkho wonse ku South Africa, ndipo ndi bwino kuwerengeratu ndalama imeneyi musanatchule mtengo. Ku European Union satifiketi yake ndi EUR.1, pansi pa mgwirizano wa zamalonda wa pakati pa European Union ndi mayiko ena a SADC, umene Mozambique inayamba kuutsatira mu 2018.

Musanasindikize malebulo ambiri, tumizani chithunzi cha imodzi kwa wogula kuti aivomereze polemba, ndipo onetsetsani kuti zimene zili pa lebulo zikufanana ndendende ndi zimene zili pa fatura ndi pa satifiketi.