Momwe mungakonzere mawu a pedal ya gitala pa kompyuta kuti amveke bwino m'tchalitchi cha malata

Anyamata ambiri oimba gitala m'matchalitchi ndi m'mabandi a maukwati kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira pa boma la Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, tsopano ali ndi pedal, kabokosi kopondaponda ndi phazi komwe kamasintha kamvekedwe ka gitala. Ena anagula ku Blantyre, ena anatumiziridwa ndi achibale a ku Johannesburg. Koma mukatchera khutu mupeza kuti ambiri akungogwiritsa ntchito mawu omwe pedal inabwera nawo kuchokera kufakitale. Kwaya yayamba nyimbo yofatsa ya chopereka, gitala ikubangula ngati ng'ombe ili pamsika. Kukonza mawu anuanu potembenuza timabatani n'kumasuzumira pa kagalasi konga bokosi la machesi n'kotheka, koma mumatopa musanafike pakati. Pa kompyuta zonse zimaonekera pamodzi.

Choyamba: pulogalamu ndi chingwe

Kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yake, ndipo ndi yaulere pa tsamba la kampaniyo. Zoom G1 Four, G1X Four, G3n ndi G5n zimayenda ndi Guitar Lab. Boss GT-1 ndi ME-80 zimafuna Boss Tone Studio, ndipo muikenso driver yake (kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo), apo ayi kompyuta siiona pedal. Line 6 POD Go ili ndi POD Go Edit, NUX MG-300 ili ndi QuickTone. Tsitsani kamodzi pamene netiweki ili bwino, musunge pa fulashi, anzanu asamawonongenso bandulo.

Chingwe ndicho chimagwetsa anthu ulesi. Zingwe zambiri za USB zogula pamsika ndi zotchajira foni basi, mkati mulibe mawaya odutsa uthenga. Pedal iyaka bwinobwino, inu n'kumati zatheka, koma pulogalamu ikungokhala duu. Musathamangire kunena kuti pedal ndi yakufa. Yesani chingwecho pa foni: ngati kompyuta ikutsegula zithunzi za m'foni, n'chabwino. G1 Four imalowa micro USB ngati ya mafoni akale aja, pomwe GT-1 imalowa chingwe chonga cha printer.

Chachiwiri: sungani zonse musanakhudze kanthu

Pedal ikangooneka pa kompyuta, koperani ma patch onse muike mu foda. Patch ndi mtundu umodzi wa mawu omwe mwakonza n'kusunga mu pedal. Mu Tone Studio muchita zimenezi pa gawo lotchedwa Librarian. Guitar Lab nayo ili ndi posungira. G1 Four ili ndi malo 50 okha a ma patch, ndipo imadzisungira yokha chilichonse mwasintha ngati Auto Save ili yoyatsa, choncho izimitseni mukamayeserera. Pa GT-1 ndi zosiyana: mukapanda kudina Write, ntchito yonse ya madzulo amenewo yapita mukangosintha patch.

Fodayo isangokhala pa laputopu. Itumizeni ku imelo yanu kapena pa WhatsApp ya mnzanu wa m'bandi. Ife amene tinaona madzi a mu 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 tikudziwa kuti katundu wa m'nyumba amapita usiku umodzi. Pedal ina mudzagula, koma mawu omwe munawakonza kwa zaka ziwiri simungawakumbukire pamtima.

Pulogalamu ikakuuzani kuti pali firmware yatsopano (pulogalamu ya m'kati mwa pedal yeniyeniyo), musayambe laputopu ilibe moto wokwanira, ndipo pedal ikhale ndi mabatire atsopano. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, pedal itha kukana kuyaka.

Chachitatu: mangani patch kuyambira pa chabe

Sankhani malo amodzi, fufutani zonse, gitala imveke yokhayokha. Kenako muziwonjezera chimodzichimodzi motsatira njira yomwe mawu amadutsa: compressor (yolinganiza kukwera kwa manoti) kutsogolo, overdrive (yokhakhalitsa mawu) ngati mukuifuna, amp ndi cab (zotsanzira ampu ndi bokosi la sipika yake), kenako chorus (yonenepetsa mawu), delay (yobwereza mawu), reverb (yomveketsa ngati muli m'holo yaikulu) kumapeto. Pa kompyuta mumangokoka kabokosi n'kukaika pomwe mukufuna. G1 Four imalola zisanu zokha nthawi imodzi, ndipo zina n'zolemera moti imakana musanafike pa zisanuzo. Ine sindidandaula nazo. Gitala yathu ya lead, kaya ndi ya sebene kaya ya sungura yomwe imatipeza kuchokera ku Zimbabwe, imafuna mawu oyera, chingwe chilichonse chimveke pachokha. Compressor pang'ono, amp yoyera, chorus yopyapyala, delay. Zakwana.

Apa pali chinthu chomwe ambiri amaphonya. Ngati mumalumikiza pedal molunjika ku mikisa ndi masipika akuluakulu, cab ikhale yoyatsa, chifukwa ndiyo imafewetsa mawu kuti asabaye m'makutu. Ngati mukulowa mu ampu ya gitala, ampuyo ili kale ndi sipika yake, ndiye mukaphatikiza ziwiri mawu amakhala ngati mwafunditsa bulangeti. Pa Zoom yang'anani batani la Mic pa cab: liyatseni polowa mu mikisa, lizimitseni polowa mu ampu. Pa GT-1 pitani ku Output Select, musankhe Line/Phones ngati ndi mikisa.

Chachinayi: delay, ndi masamu ake

Delay ndiyo imapangitsa gitala imodzi kumveka ngati ziwiri zikuyankhana, koma ikasemphana ndi ng'oma imasokoneza bandi yonse. Masamu ake ndi a sitandade 6. Tengani 60,000 mugawe ndi liwiro la nyimbo. Nyimbo ya 120 BPM (kugunda ka 120 pa mphindi imodzi) ikupatsani 500 ms (theka la sekondi), ndiko kugunda kumodzi. Kuti mawu obwererawo agwere pakati pa manoti anu ngati mmene amachitira a sebene, chulukitsani ndi 0.75, mupeza 375 ms.

Komabe nyimbo zathu zambiri, makamaka zochokera ku magule, zimagawa kugunda kumodzi patatu. Mvetserani ulimba wa ku Nsanje kapena kuwomba m'manja kwa amayi pa chinkhoswe. Pa nyimbo zotere 375 imapunthwa. Gawani 500 patatu, mupeza 167, ndipo mukatenga kawiri ndi 333 ms. Yesani imeneyo, mumva delay ikuvina limodzi ndi ng'oma. Feedback ya delay, yomwe imalamula kuti mawu abwerere kangati, ikhale yochepa, mawu abwerere kawiri kapena katatu n'kuzimirira.

Reverb ndiye muichepetse kwambiri. Tchalitchi cha njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i, chili kale ndi reverb yake yaulere.

Chachisanu: kayeseni komwe mukaimbire

Ndinaphunzira movutikira. Ndinakhala usiku wonse ndi mahedifoni kukonza patch ya ukwati wina ku Ngabu, mawu okoma ngati uchi. Titafika m'holo, woyendetsa mikisa atakweza, gitala inayamba kulira tswii, agogo ena akutseka makutu ndi mpango. Khutu la munthu limamva mawu okwera ndi otsika mosiyana phokoso likakula, choncho treble (mawu okwera) ndi bass (mawu otsika) zomwe mumawonjezera mukamaimba motsitsa zimasefukira pa masipika. Nyamulani laputopu Loweruka masana pa nthawi yoyeserera, lumikizani pa masipika enieniwo, mnzanu aime kumbuyo kwa tchalitchi azikuuzani. Kawirikawiri mudzatsitsa treble ndi gain (mphamvu ya mawu olowa mu amp), n'kukweza mid (mawu apakati) pang'ono kuti kiyibodi isakumizeni.

Pomwepo linganizani kukwera kwa ma patch. Imbani kagawo kamodzi komweko pa patch iliyonse, muzisintha patch level mpaka zonse zifanane, kupatula ya solo yomwe ikwereko pang'ono. Mukamva kung'ung'uza laputopu ili pa chaja, makamaka pa jenereta, zulani chajacho muone ngati kusiya. Noise gate, kapena ZNR pa Zoom, imabisa phokoso mukasiya kuimba, koma mukaikweza kwambiri imadula michira ya manoti.

Pomaliza patsani ma patch mayina, poti pa kiyibodi ya kompyuta kulemba n'kosavuta: KWAYA, SEBENE, SOLO, MALIRO. Aikeni moyandikana kuti phazi lisamayende ulendo wautali nyimbo ili mkati. Anayi kapena asanu akukwanirani chaka chonse. Sunganinso foda yatsopano, mulembepo tsiku.

Ndipo mu Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, musasiye pedal padzuwa pa nsanja ya msonkhano wapanja kapena m'buti ya minibasi. Iphimbeni ndi kansalu koyera, ndipo mukamaisunga masiku ambiri chotsanimo mabatire asanatuluke madzi.