Momwe mungaonere mmene mvula ndi kuzizira kwa ku Joni zakhala zikusinthira

Amene timagwira ntchito za mmagadeni, zomangamanga kaya zopenta kuno ku Joni timadziwa kuti mvula ikhoza kukudyera ganyu ya sabata yathunthu, nde mmalo momangokangana pa WhatsApp kuti kale inkagwa bwino kuposa pano, manambala ake alipo ndipo mukhoza kuwaona nokha. Pakufunika bando, laputopu kapena foni, ndi Excel kaya Google Sheets basi.

Yambani ndi kupeza deta. Lowani pa NASA POWER, webusayiti ya deta ya zanyengo, ndi yaulere, pitani pa Data Access Viewer nkusankha malo amodzi, lembani -26.2 pa latitude ndi 28.0 pa longitude, amene ndi manambala osonyeza pamene pali Johannesburg pa mapu. Ka minus kaja musakaiwale chonde, mukakasiya mupezeka mukuwerenga nyengo ya mchipululu cha ku Egypt. Sankhani mvula ndi kutentha, za mwezi ndi mwezi kuyambira 1981, kenako dawunilodani ngati CSV, mtundu wa fayilo umene umatseguka mu Excel.

Fayilo ikatseguka musathamangire kuwerengera. Paliponse pamene palembedwa -999 ndekuti palibe deta, fufutani, apo ayi zotsatira zanu zonse zikhala zabodza. Onaninso pamwamba ngati mvulayo yalembedwa ya mm pa tsiku, ngati zili choncho chulukitsani ndi masiku a mwezi umenewo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mvula ya kuno imayamba cha mu October nkumatha cha mu April, nde mukamawerenga chaka kuyambira January mpaka December mukudula dzinja limodzi pakati nkuphatikiza theka la ili ndi theka la lina, chilala chenicheni sichioneka bwino. Phatikizani kuyambira July mpaka June wa chaka chinacho, mzere uliwonse ukhale ngati 2015/16, 2016/17 choncho. Ndipo zaka zikwane 30, akatswiri a zanyengo pano amayerekeza ndi 1991 mpaka 2020, zaka zisanu sizingakuuzeni kanthu.

Tsopano mafomula, AVERAGE, MAX, MIN ndi STDEV. Avereji ya Johannesburg imakhala cha mma 700 mm pa chaka koma ine avereji sindiikhulupirira kwambiri, ili ngati kunena kuti pamudzi aliyense ali ndi mbuzi ziwiri pomwe zonse zili mkhola la munthu mmodzi. Chotsani MIN pa MAX muone kutalikirana kwa dzinja lonyowa kwambiri ndi louma kwambiri, STDEV nayo ikuuzani kuti zaka zambiri zimapatuka bwanji pa avereji ija. Jambulani girafu, muyang'anitsitse 2015/16 nthawi ya El Niño. Kumapeto kwa 2016 madzi mu Vaal Dam, damu limene limapereka madzi ku Joni, anatsika osafika 30%, anthu nkuletsedwa kuthirira magadeni masana, koma pofika kumapeto kwa February 2017 damu lomwelo linali litadzaza, miyezi yochepa chabe imeneyo.

Za kuzizira bwererani mukatenge deta ya tsiku ndi tsiku, ya pamwezi imabisa usiku umodzi uja umene umapsereza maluwa a bwana. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, nchifukwa chake June ndi July kumaluma chonchi. Yang'anani 7 August 2012 ndi 10 July 2023, masiku amene kunagwa sinowo.

Dziwaninso kuti manambala a NASA si a choyezera mvula cha pabwalo, amakuta dera lalikulu la makilomita 50 kapena kuposa, pomwe mvula ya mabingu ya kuno imatha kukhuthuka ku Randburg koma ku Rosettenville kuli gwaa. Mukafuna za siteshoni yeniyeni ngati ya ku OR Tambo pemphani ku South African Weather Service.

Amene mumatumiza ndalama za feteleza kumudzi chitaninso chimodzimodzi, ingosinthani manambala aja, Lilongwe ndi -14.0 ndi 33.8, koma kumeneko muone kwambiri November ndi December kuti mvula yodzalira yakhala ikuchedwa kangati.